ULULU WA POKHALIRA UMENE SUKUTHA: SI NJINGA YOKHA ILI NDI MLANDU

MUNTHU woima m'mbali mwa mseu wocokera ku Lundazi kupita ku Chipata m'miyezi ya June ndi July, pamene alimi a ku Chipangali ali kalikiliki kugulitsa zokolola zao, sangalephere kuona khamu la njinga. Zina zasenza matumba a nsawa ndi soya, zina makala, ndipo zina zanyamula mai wa mwana kumbuyo amene wakhala cam'mbali pa kaliyala ya citsulo. Dera lino ndi la njinga kuyambira kale, ndipo acikulire akali kukumbukira fakitale ya Luangwa Industries imene inali kupanga njinga mu Chipata m'zaka za m'ma 1980. Koma woyang'anitsitsa adzaona cinthu cinanso. Mwa opalasa njingawo alipo ena amene akafika pa cigayo kapena pa msika amatsika mwapang'ono-pang'ono atagwira m'ciuno, ndipo akapatsidwa mpando amakhala copendekera mbali imodzi ngati munthu wodzapala moto.

Akafunsidwa amangoyankha kuti ndi msana. Kunena zoona si msana wonse umene ukuwawa ai, koma kafupa kakang'ono ka kumapeto kweni-kweni kwa msana, pamwamba pang'ono pa njira ya cimbudzi. Malo akewo ndiwo amacititsa manyazi. Bambo wamkulu, mwina nduna ya mfumu, sangaloze pamenepo pamaso pa namwino wa msinkhu wa mwana wake. Mai amene wangobereka kumene amaopa kuti apongozi adzamuyesa waulesi akadandaula kuti sangathe kukhala pa mphasa. Cotero ambiri amagula Panadol ndi Brufen pa kantemba, ena amapita kukatemera mphini, ndipo mlandu wonse umaikidwa pa njinga, pa ngolo ndi pa zigwembe za mseu.

Kawiri-kawiri njinga ilidi ndi mlandu, ndipo ululu wotere umatha wokha. Koma mwa anthu ocepa ululu wa pa malo awa ndi cizindikiro coyamba ca nthenda ina imene yabisala, ndipo nthenda zimenezo zili ndi mankhwala ake pokhapo munthu akafika msanga kwa odziwa.

Kafupa kameneka madokotala amakacha coccyx, liu la Cigiriki la mbalame imene Angerezi amaicha cuckoo, pakuti akale anaona ngati kafanana ndi mlomo wa mbalameyo. Si pfupa limodzi koma timafupa titatu, tinai kapena tisanu tolumikizana, ndipo anthu ambiri ali ndi tinai. Aliyense amene anasendapo mbuzi akudziwa pamene msana umathera ndi pamene mcira umayambira. Munthu alibe mcira, koma timafupa ta poyambira pake tilipo, topindikira m'kati. Sikangokhala pacabe. Minofu imene imacirikiza matumbo, cikhodzodzo ndi cibaliro imamangirira pamenepo, ndipo munthu akakhala pansi thupi lake limatsamira pa malo atatu monga mphika pa mafuwa: mafupa awiri a m'matako ndi kafupa aka kumbuyo. Akaweramira kutsogolo kulemera kumapita pa mafupa awiri aja. Akatsamira kumbuyo, kapena akakhala pansi atatambalala miyendo tsiku lonse poswa nsawa, posankha fodya kapena pa maliro, kulemera kumagwera pa kafupa.

Amene anapatsa dzina ululu wa pamenepa ndi dokotala wa azimai wa ku Edinburgh, Sir James Young Simpson, m'caka ca 1859. Ndi yemwe uja anayambitsa kugwiritsa nchito mankhwala ogonetsa a chloroform pothandiza azimai obereka mu 1847, ndipo n'zosadabwitsa kuti anali dokotala wa azimai, pakuti bvutoli limagwira akazi pafupi-fupi kasanu kuposa amuna. Ciuno ca mkazi ncotakasuka, kafupa kake nkoonekera, ndipo pobereka mutu wa mwana umakakankhira kumbuyo. Mwana akakhala wamkulu kapena kubereka kukatenga nthawi, kafupa kamatha kubzungunuka ngakhale kuthyoka kumene. Coyambitsa cina cofala ndi kugwa cagada ndi kufikira pa matako, monga poterereka pa dambo nthawi ya dzinja kapena pogwa pa ngolo imene ena amaicha cikocikale.

Kwa otere mankhwala si apatali. Mabuku a madokotala amati mwa odwala khumi alionse pafupi-fupi asanu ndi anai amacira popanda opareshoni. Cofunika ndi kucotsa kulemera pa kafupa kufikira katapola. Nkhata imene amai amasenzera mtsuko ingathandize, koma ikhale yaikulu ndiponso yotseguka kumbuyo ngati cilembo ca U, kuti kafupa kakhale m'malere munthu atakhala. Citenje cokulunga bwino kapena siponji yodula mpata kumbuyo imagwira nchito yomweyo. Pokhala aziweramira kutsogolo pang'ono, aziimirira kawiri-kawiri, azigona cam'mbali, ndipo njinga aipumitse masabata angapo. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kumacepetsa ululu. Kudzimbidwa kumauonjezera, cifukwa cake ndiwo zamasamba, mapapaya, mango ndi madzi ambiri ndi mbali ya mankhwala. Za Brufen ndi anzake monga diclofenac mpofunika cenjezo: kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, makamaka pa njala, kumabweretsa zironda za m'mimba ndi kuononga impso, ndipo amai apakati sayenera kumwa popanda uphungu wa ku kiliniki.

Tsono kuyembekeza kuli ndi malire. Ululu umene wapyola miyezi iwiri osacepa madokotala sauyesanso wa kugwa cabe. Ndipo ulipo wina wosafunika kuuyembekeza ngakhale miyezi iwiriyo: umene unayamba popanda kugwa kapena kubereka, umene umadzutsa munthu pakati pa usiku atagona phee, umene ukudza pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, cotupa, mafinya kapena magazi. Ululu wa njinga umaleka munthu akaimirira kapena akagona. Ululu wosasamala kuti munthu wakhala, waima kapena wagona uli ndi gwero lina.

KAFUPA KOSAKHAZIKIKA

Coyamba mwa zoyambitsa zosadziwika bwino si nthenda yoopsa, koma casautsa anthu ambiri cifukwa ca kusakhulupiriridwa. Wodwala amajambulidwa X-ray ataimirira kapena atagona, cithunzi cimaonetsa mafupa abwino-bwino, ndipo amabwerera kumudzi atauzidwa kuti palibe ciliconse. Kwa zaka zambiri ngakhale ku Ulaya odwala otere, makamaka akazi, anali kunenedwa kuti nthenda yao ili m'maganizo. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku Paris, Jean-Yves Maigne, anacita cinthu capafupi cimene ena sanaciganizire. Pakuti ululu umadza munthu atakhala, iye anayamba kujambula zithunzi ziwiri, cina wodwala ataimirira ndi cina atakhala pa mpando wolimba mpaka ululu utayamba, kenaka n'kuziyerekeza. Anapeza kuti mwa odwala ambiri kafupa kamaguluka pa mfundo yake n'kutererekera kumbuyo munthu akakhala, kapena kamapindika mopitirira madigiri 25, ndipo akaimirira kamabwerera m'malo mwake ngati palibe cacitika. Odwala otere amamva kubaya koopsa pa nthawi yonyamuka pa mpando. Njira imeneyi siifuna makina acilendo. Imafuna makina a X-ray wamba, mpando, ndi wojambula amene wauzidwa cocita.

Kunenepa kwambiri kumakulitsa bvuto limeneli cifukwa ca kakhalidwe ka munthu wonenepa, amene amagwera pa mpando osapinda ciuno. Kuonda msanga nako kumacotsa mafuta amene anali ngati mtsamiro. Mwa anthu ena oonda, kunsonga kwa kafupa kumamera kaminga ka pfupa kamene kamalasa khungu ca m'kati, ndipo pamwamba pake pamaoneka kadzenje kakang'ono. Mwa enanso pfupa lilibe cifukwa, koma minofu ya pansi pa ciuno ndiyo yakungika osamasuka, ndipo awa amathandizidwa ndi akatswiri olimbitsa ndi kuongola ziwalo a m'zipatala zazikulu.

Nkhata ndi mapiritsi zikalephera, dokotala angalase nyeleti ya mankhwala ocititsa dzanzi osakaniza ndi ocepetsa kutupa pa mfundo yeni-yeniyo, kapena pa kamfundo ka mitsempha kamene kali kutsogolo kwa kafupa. Ena amapeza mpumulo wa miyezi, ena amacira kotheratu. Kucotsa kafupa konse ndi opareshoni ndiyo njira yotsiriza. Imathandiza ambiri mwa amene asankhidwa bwino, makamaka a kafupa koguluka, koma bala lake lili pafupi ndi njira ya cimbudzi ndipo limalowa tizilombo mosabvuta. Wodwala amatha masabata asanakhale bwino pansi, ndi miyezi asanaone phindu lonse. Dokotala wanzeru sathamangira mpeni pa nkhani iyi.

Cina cimene anthu amaciyesa pfupa ndi nthenda ya khungu. Mu mpata wa pakati pa matako tsitsi loduka limatha kulowa m'khungu n'kupanga kanjira pansi pake, kamene kamatupa, kuphulika mafinya, kuuma, n'kutupanso. Azungu amaicha pilonidal sinus, kutanthauza cisa ca tsitsi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse asilikali a ku America pafupi-fupi 80,000 anagonekedwa nayo m'zipatala, ndipo inachedwa nthenda ya jeep cifukwa ca kugwedezeka kwa magalimoto ao m'miseu yoipa. Imakonda anyamata a ubweya wambiri amene amakhala nthawi yaitali pa ciongolero, pa njinga kapena pa njinga yamoto. Makapisozi okha saithetsa. Cithupsa ciyenera kutumbulidwa ku cipatala, ndipo cikamabwereza kanjira konse kamacotsedwa. Cithupsa ca pafupi ndi njira ya cimbudzi yeni-yeni nacinso cimamveka ngati ululu wa kafupa, ndipo cikamabwera-bwera ndi bwino kupimitsa shuga ndi kacilombo ka HIV.

TB YOPANDA CIFUWA

Kwa anthu a cigawo ca Kum'mawa nthenda yoyenera kuiganizira mozama ndi TB. Dziko la Zambia lili pa mndandanda wa bungwe la World Health Organization wa maiko 30 amene ali ndi TB yoculuka, ndipo anthu ambiri amaidziwa monga cifuwa cacikulu. Dzina limeneli ndilo limasoceretsa. Tizilombo ta TB timayenda m'magazi kucokera m'mapapo n'kukakhazikika m'mafupa, ndipo pafupi-fupi theka la TB ya m'mafupa limakhala mu msana. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, analongosola nthenda imeneyi mu 1779, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Kawiri-kawiri imadya mafupa a pakati pa msana ndi a m'ciuno, n'kusiya linunda. Mwa apo ndi apo imatsikira ku pfupa lalikulu la pansi pa msana, ku mfundo zolumikiza msana ndi ciuno, ngakhale ku kafupa ka kumapeto komwe.

Wodwala wotere mwina satsokomola konse, ndipo makhololo ake akapimidwa sapezeka ndi kanthu. Cimene ali naco ndi ululu umene ukukulira-kulira mwezi ndi mwezi, kufooka, kusafuna cakudya, thalauzi kapena citenje cimene cayamba kukhwepa, ndi thukuta lonyowetsa zofunda ngakhale m'nyengo yozizira ya June. Nthawi zina pa thako kapena m'mbali mwa ciuno pamatuluka cotupa cofewa cimene sicitentha ndiponso sicifiira monga cithupsa wamba, cifukwa cake madokotala amacicha cithupsa cozizira. Cikaphulika cokha cimasiya kabowo kotuluka madzi kwa miyezi. Apa mpamene ambiri amataya nthawi, pakuti cotupa cosatentha ndi bala losapola ndizo anthu amathamangira kunena kuti munthu anapondera mankhwala kapena analodzedwa pa nkhani ya malire a munda. Pamene banja likugulitsa mbuzi kulipira woombeza, tizilombo tikupitiriza kudya pfupa, ndipo tikafika pa mitsempha miyendo imalemala.

Komatu TB ya m'mafupa imacizika, ndipo mankhwala ake ndi aulere m'zipatala ndi m'makiliniki a Boma. Kuti itsimikizike pamafunika X-ray, kupima magazi, ndi kutengako mafinya kapena kacidutswa ka pfupa kukapima. Makina a GeneXpert, amene anabvomerezedwa ndi World Health Organization mu 2010, amatha kuzindikira tizilombo ta TB m'maola ocepa. Mankhwala ndi omwe aja a cifuwa: mitundu inai m'miyezi iwiri yoyamba, ndiyo rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenaka iwiri yoyambayo. Kusiyana kwake nkwakuti pamene TB ya m'mapapo imatha miyezi 6, ya m'mafupa imafuna miyezi 9 kufikira 12. Mkodzo umasanduka wofiirira cifukwa ca rifampicin, ndipo zimenezo si zoopsa. Coopsa ndi kulekeza pa njira ululu ukangocepa, makamaka nyengo ya kulima ikafika ndipo ulendo wa ku kiliniki ukuoneka ngati kutaya tsiku, pakuti tizilombo totsala timabwerera titalimba ndipo sitimvanso mankhwala oyamba aja. Aliyense wopezeka ndi TB amapimidwanso HIV, popeza nthenda ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo amene ali ndi kacilombo amalandira ma ARV pamodzi ndi mankhwala a TB.

Ziliponso nthenda ziwiri zocokera ku madzi ndi ku khola. Likodzo aliyense amalidziwa monga kukodza magazi kwa ana osambira m'madamu ndi m'mitsinje ya nkhono. Cimene ambiri sadziwa ncakuti mazira a tinyongolotsi take nthawi zina amasocera n'kukakhala kumunsi kwa cingwe ca mitsempha ca mu msana. Mnyamata wamphamvu amayamba kumva ululu pansi pa msana wotsikira m'matako ndi m'miyendo, patapita masiku kapena masabata miyendo imalemera ndipo mkodzo umakana kutuluka. Mapiritsi a praziquantel, omwe aja amagawidwa m'masukulu, pamodzi ndi mankhwala ocepetsa kutupa, amatha kubwezeretsa miyendo ngati aperekedwa msanga. Ina ndi brucellosis, nthenda imene imapititsa padera ng'ombe ndi mbuzi. Munthu amaitenga pomwa mkaka wosawiritsa kapena pogwira ndi manja cabe thole lakufa ndi zotuluka pobereka. Imadza ndi kutentha thupi kobwera-bwera kumene kumayesedwa malungo, ndi ululu wa m'mfundo za pansi pa msana. Woweta ng'ombe amene wapimidwa malungo kangapo osapezeka nao acule za ziweto zake kwa dokotala, pakuti mankhwala ake ndi ena ndipo amamwedwa masabata 6 kapena kupyolapo.

CALA CA DOKOTALA

Nkhani ya khansa ndi yobvuta kuikamba, koma kuibisa sikuicotsa. Ilipo khansa ina yochedwa chordoma imene imamera pa pfupa la pansi pa msana ndi pa kafupa ka kumapeto. Njosowa kwambiri, pakuti pa caka imagwira pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anthu 1,000,000, makamaka a zaka zopitirira 40. Imakula pang'ono-pang'ono, ndipo m'maiko onse odwala ake amatha miyezi yambiri, ena zaka, akulandira mapiritsi a msana isanadziwike. Pa X-ray wamba imabisika kumbuyo kwa mpweya wa m'matumbo. Imakulira kutsogolo, m'kati mwa ciuno, kotero kunja sikuoneka kanthu, koma wodwala amayamba kudzimbidwa ndi kubvutika pokodza. Mankhwala ake eni-eni ndi opareshoni yocotsa cotupa conse cathunthu, nthawi zambiri motsatana ndi kuoca ndi makina. Cikapezeka cikali cacing'ono ndi ca m'munsi, dokotala amatha kupulumutsa mitsempha yogwira mkodzo ndi cimbudzi. Cikakwera m'mwamba mitsempha imeneyo imapita naco pamodzi.

Zofala kuposa chordoma ndi khansa za ziwalo zoyandikana nako kafupa, zimene ululu wake umamvekera kumbuyo. Khansa ya khomo la cibaliro ndiyo yoposa zonse mwa akazi a mu Zambia. Mai amene ali ndi ululu wa pansi pa msana pamodzi ndi kutaya magazi pakati pa mwezi, pambuyo pa kukhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, kapenanso madzi a pfungo, asacedwe ndi nkhata. Kupima khomo la cibaliro ndi viniga kunayamba mu Zambia mu 2006 ndipo kumacitika kwaulere m'zipatala za Boma, ndiponso kuyambira 2019 atsikana m'dziko lonse akulandira katemera woteteza ku kacilombo koyambitsa khansayi. Kwa abambo acikulire, khansa ya kaciwalo ka pansi pa cikhodzodzo kochedwa prostate imakonda kufalikira ku mafupa a m'ciuno ndi a pansi pa msana, ndipo ululu wa mafupa ungakhale ndiwo woyamba kumufikitsa munthu ku cipatala. Khansa ya kumapeto kwa matumbo imadza ndi magazi kapena cinanzi m'cimbudzi ndi kumva ngati cimbudzi sicinathe, zimene ambiri amaziyesa mudzi wotuluka cabe.

Pa zonsezi cipangizo coyamba si makina a ndalama zambiri ai. Ndi cala ca dokotala cobvala golovesi, copisidwa m'njira ya cimbudzi kwa mphindi imodzi. Ndi cala cimeneco amagwedeza kafupa kuti amve ngati kaguluka, amamva minofu ngati yakungika, amakhudza prostate, ndipo amatha kukumana ndi cotupa cimene X-ray yaciphonya. Ndi kupima kumene odwala ambiri amakana, ndipo kunena mosabisa, ogwira nchito ena a zaumoyo nao amakulumpha pakakhala mzere wautali panja ndi cipinda copanda cinsalu cochinga. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kuti apimidwe ndi mwamuna mnzake kapena mkazi mnzake ngati alipo, kuti citseko citsekedwe, ndi kuti mbale wake kapena namwino akhalepo. Munthu amene wadwala miyezi itatu, walandira mapiritsi katatu, koma palibe anayang'anapo pa malo owawawo, sanapimidwe.

Makanda nao ali ndi yao. Mwa ana pafupi-fupi 35,000 kapena 40,000 obadwa, mmodzi amabadwa ndi cotupa comera pa kafupa kameneka, ndipo ambiri mwa iwo ndi akazi. Cimatha kukula kufanana ndi mutu wa mwanayo, ndipo makolo ena amacita mantha n'kumubisa m'nyumba poyesa malodza. Pobadwa cotupaci nthawi zambiri sicikhala khansa, koma mwana akapyola miyezi iwiri ngozi yakuti cisanduke khansa imakwera. Madokotala a opareshoni ya ana amacicotsa pamodzi ndi kafupa komwe, pakuti kafupa kakatsala cotupa cimameranso, ndipo ana ambiri ocitidwa opareshoni msanga amakula bwino.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola kudikira kuti kuce. Kumunsi kwa msana mitsempha imagawikana n'kulendewera ngati mcira wa kavalo, ndipo ndilo dzina lake m'Cilatini. Mitsempha imeneyi ikapanikizidwa, kaya ndi TB, cotupa kapena kacicereceze ka pakati pa mafupa a msana kamene katuluka m'malo mwake, munthu amacita dzanzi pa malo onse amene amakhudza cishalo ca njinga: pakati pa miyendo, kumaliseche ndi m'matako. Opalasa njinga amalidziwa dzanzi la ulendo wautali limene limatha munthu akatsika n'kuyendako pang'ono. Ili silitha. Munthu samva pamene akudzipukuta, mkodzo umakana kapena umangotuluka wokha, cimbudzi cimapulumuka, phazi limakokeka poyenda. Wotere afunika kufika ku cipatala cacikulu tsiku lomwelo, pakuti mitsempha yopanikizidwa masiku angapo kawiri-kawiri siibwereranso.

Boma la Chipangali linapatulidwa ku Chipata mu 2018, koma pa nthenda zofuna akatswiri njira ikali yomwe ija. Imayambira pa kiliniki ya pafupi, kumene wodwala amalandira kalata yomutumiza ku Chipata Central Hospital, cimene ambiri akali kucicha General. Kulinso cipatala ca Mwami pafupi ndi malire a Malawi, ndi ca St Francis ku Katete cimene cakhala cikucita maopareshoni kwa zaka zambiri. Pa kiliniki mau akuti “msana” okha sakwanira, pakuti amene wawamva adzalemba mapiritsi a msana. Wodwala aloze ndi cala pamalo peni-peni, anene mwezi umene ululu unayamba, ngati anagwa kapena sanagwe, ngati umamudzutsa usiku, ngati waonda, ndi ngati m'nyumba munakhalapo wodwala TB. Makadi akale, zithunzi za X-ray ndi mapepala a mankhwala amene wamwa apite nazo, pamodzi ndi kuulula za mphini ndi zitsamba, popeza zina zimalimbana ndi mankhwala a TB m'ciwindi.

Ofunika kujambulidwa ndi makina a MRI, amene amaonetsa mitsempha ndi zotupa zobisika, ndi ofunika opareshoni yaikulu ya msana kapena kuoca khansa, ulendo wao umafika ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku Cancer Diseases Hospital cimene cinatsegulidwa mu 2007. Kucokera ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 570, tsiku lathunthu pa mpando wa basi, ndipo kwa munthu wa ululu wa pokhalira ulendowo ndi nthenda paokha. Apemphe mpando wa kutsogolo kumene kulibe kudumpha kwambiri, nkhata yake ya citenje ikhale m'manja osati m'cikwama ca pansi pa basi, ndipo basi ikaima pa Katete, pa Petauke, pa Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa, atsike n'kuyendako.